Mlandu wa Chipewa cha Mfumu Salakwa

Kuseri kwa mapiri amene pa mapu palibe, chifukwa wojambula mapu anali ku msonkhano tsiku limenelo, kuli ufumu wa Zonsezilibwino. Likulu lake ndi Mwambokaye. Kumeneko chinthu sichiyamba kugwira ntchito mpaka achiimbire, achivinire, n'kuchijambula chili pambali pa nduna. Mjigo wina unakhala miyezi isanu uli wokutidwa ndi nsalu, anthu akumwa madzi a m'dambo, podikira kuti a kwaya achire chimfine.

Wolamulira anali Mfumu Salakwa Yachinayi. Dzinali silinali longotamanda ayi, linali lamulo lolembedwa. Mfumu ikalengeza kuti mvula igwa Lachiwiri, mvulayo n'kugwa Lachisanu, ankakonza kalendala.

Mfumuyi inali ndi vuto limodzi limene aliyense ankalidziwa koma palibe ankalitchula. Makutu ake anali atatseka zaka khumi zapitazo. Choncho mawu onse opita kwa iyo ankadzera mwa a Vomerani, Nduna ya Chilungamo ndi Kujambulitsa, amene ankaima kumanzere kwa mpando wachifumu n'kumakuwa m'khutu. Munthu akabwera n'kunena kuti, "Mlatho wathu wakokoloka," a Vomerani ankakuwa kuti, "Akuti zikomo chifukwa cha mtsinje." Mfumu inkagwedeza mutu mokondwa, munthu uja n'kubwerera kwawo posambira.

Kumathero kwa ufumuwu kunali mudzi wa Tinaiwalika, ndipo kumeneko kunkakhala a Nachisale, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Tingoyang'ana. Mwana wawo Tinyade anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Miyendo yake inafooka ali khanda, koma mutu unali wakuthwa moti pa masamu anzake ankangomuonera patali. M'mawa uliwonse a Nachisale ankanjuta, Tinyade n'kukwera kumsana, chitenje n'kumanga, dengu la tomato pamutu, ulendo wa ola lathunthu mpaka ku sukulu. Njira yonse mwanayo ankalakatula masamu ake m'khutu mwa mayi ake, mpaka a Nachisale anadziwa kuchulukitsa ndi seveni asakufuna.

Tsopano a Nachisale anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo bambo a mwanayo anali ku ntchito ku esiteti yakutali. Namwino wa ku sikelo sanazungulire.

"Mayi, kunyamula awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, mulekeretu. Mwezi uno ukhale womaliza, apo ayi mudzatayako mmodzi."

Nkhani inali pomwepo. Mwezi ukatha njinga ya olumala isanapezeke, sukulu ya Tinyade yathera pamphasa ya pakhonde.

Ndiye mumvetse chimwemwe chimene chinagwa pamene malole atatu anafika ku Mwambokaye kuchokera kwa abwenzi a kutsidya kwa nyanja. Munali njinga za olumala, tizipangizo ta m'khutu tothandiza kumva, ndi makina olembera timadontho timene anthu osaona amawerenga ndi zala. A Likongwe, mphunzitsi wa ana aulumali pa sukulu ya Tinaiwalika, anatumiza msanga mndandanda wawo. Unali waufupi komanso womveka. Tinyade sayenda, afunika njinga. Fatsani saona, afunika makina olembera. Sigele amamva movutikira, afunika kachipangizo ka m'khutu. Aphunzitsi a m'sukulu zina anachitanso chimodzimodzi, osadziwa kuti akuputa nkhani.

Khonsolo ya mfumu inakhala masiku anayi. Awiri oyamba anakambirana za chakudya chamasana. Pa tsiku lachitatu a Vomerani anaimirira, mindandanda ili m'manja, nkhope ili ngati ya munthu amene wapeza mphemvu mu tiyi.

"Olemekezeka anzanga, mapepala awa ndi tsankho lenileni. Mphunzitsi akulemba kuti mwana uyu sayenda, uyu saona. Ameneyo ndi mwano. Pamaso pa mfumu ana onse ndi ofanana. Tikapatsa njinga ana osayenda okhaokha, ana osaona adzati chiyani? Sadzati takondera?"

Nduna zonse zinaomba m'manja, ngakhale zimene zinali mtulo. Anagwirizana kuti agawe mwa mwambo wakale wa ufumuwo, wa maere a m'chipewa cha mfumu. Chinali chipewa chachikulu cha nthenga za nkhanga, ndipo chinkalemekezedwa chifukwa chinalibe mlamu, msuweni kapena apongozi oti chiwakondere.

Tsiku la mwambo ana anabwera nawo kuchokera m'masukulu onse, n'kuwakhazika padzuwa kuyambira m'mawa kuti zithunzi zidzawale bwino. Itatha kwaya, magule ndi zolankhula zisanu ndi ziwiri, mwana aliyense anapisa dzanja m'chipewa n'kutola kapepala.

Fatsani, wosaona uja, anatola njinga. Anaipapasa yonse, mateyala, mpando, zogwirira, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Ndi yabwino ndithu, aphunzitsi. Ndikakhalapo ndizilowera kuti?"

Sigele anatola makina olembera. Anawanyamula, anamva kulemera kwake, n'kufunsa a Likongwe ndi manja ngati anali osinjira mtedza.

Tinyade anatola kachipangizo ka m'khutu. A Vomerani anamuveka okha kuti ajambulidwe, n'kufunsa mokweza kuti anthu onse amve, "Mwana iwe, ukumva bwanji tsopano?"

"Ndikumva bwino kwambiri, bwana," anatero Tinyade. "Ndikumva mmene amayi akupumira movutikira."

"Akuti mfumu ndi mpweya wathu," a Vomerani anakuwa m'khutu la mfumu.

Pomaliza anawerenga lamulo. Mphatso ya mfumu sasinthanitsa, sabwereketsa, sagulitsa. Imakhala m'manja mwa mwini wake. Wophwanya lamuloli adzalandidwa mphatsoyo, ndipo banja lake silidzalandiranso kanthu mpaka zidzukulu. A Nachisale anagwada, anaomba m'manja, anamwetulira chifukwa wojambula anali atawalozetsa makina ake. Pobwerera, mwana ali kumsana, analira mwakachetechete. Zinawawawa kwambiri, chifukwa njingayo anaiona ndi maso, ndipo inali ya msinkhu wa mwana wawo ndendende.

Mawa lake pa msika wa Tingoyang'ana nkhani inali imeneyo.

"Chilungamo chatifikira ndithu," anatero a Nagama, mayi wa mandasi amene pakamwa pawo panalibe chotsekera. "Chaka chatha amuna anga a dazi aja anatola chipeso. Mpaka lero amachipukuta Lamlungu lililonse."

"Inu musanyoze boma," anayankha wogulitsa makala. "Ine ndinatola ukonde wa nsomba. Ndikungodikira kuti atole nyanja munthu wa kuno."

"Nanga inu a Nachisale, mwana akumva bwanji?"

"Akumva zonse, mpaka zimene mukunena kumbali," anatero a Nachisale, akuunjika tomato osayang'ana munthu.

Nzeru inachokera kwa Tinyade mwini. Lolemba pa nthawi yopuma anapempha a Likongwe kuti amuwerengerenso lamulo lija pang'onopang'ono. Anamvetsera maso atatsinzina, ngati mmene ankachitira ndi samu yovuta.

"Aphunzitsi, lamulo likuletsa mwini njinga kukankha njinga yake?"

"Ayi, silikuletsa."

"Likunena zimene aziikapo?"

A Likongwe anayang'ananso pepala. "Silikunena."

"Ndiye Fatsani azikankha njinga yake. Ine ndine katundu."

Zina zonse zinatsatira mosavuta, pakuti ana atatuwo ankakhala mudzi umodzi. Kachipangizo ka Tinyade anakamangirira ku ulusi, mbali ina ya ulusiwo pa dzanja lake, kuti mphatso isachoke m'manja mwa mwini wake. Ngati kachipangizoko kankapezeka m'khutu la Sigele, imeneyo inali nkhani ya kutalika kwa ulusi. M'kalasi Sigele ankasanjika dzanja pa makina ake, Fatsani n'kumagogoda zilembo pansi pa dzanjalo. Palibe anasinthanitsa kanthu, palibe anabwereketsa kanthu, ndipo a Likongwe analemba zimenezi m'buku kuti asadzaiwale pofunsidwa.

Kuyambira tsiku limenelo anthu a pa msika anali ndi choonera m'mawa uliwonse. Fatsani kumbuyo akukankha, chifuwa chili patsogolo. Tinyade pampando, makina a Sigele ali pamiyendo, akuwongolera ndi pakamwa.

"Kumanzere, pali ndowe. Wongola. Kumanja tsopano, a Nagama aika beseni panjira."

"Ndi njira ya agogo ako?" a Nagama ankakalipa, uku akuwaponyera mandasi atatu.

Sigele ankayenda chakumanja, ulusi uli kukhutu, maso ali mwazumwazu. Tsiku loyamba anaima pakati pa msika, anamvetsera kwa nthawi yaitali, kenako anauza a Likongwe ndi manja kuti sankadziwa kuti nkhuku zimalongolola chonchi. Anthu anawatcha anawo Basi ya Tinaiwalika, ndipo inali basi yokhayo mu ufumu wonse imene inkasunga nthawi. A Nachisale ankayenda pambuyo ndi dengu lawo lokha, msana ukupuma koyamba.

Zinayenda choncho masabata awiri. Kenako a Vomerani anabwera ku msika kudzayendera chimwemwe cha anthu, ntchito imene ankaigwira kamodzi pa mwezi ali ndi asilikali anayi kuti chimwemwecho chisathawe. Basi ija inatulukira pa ngodya ya ogulitsa makala n'kuima pa nsapato zawo.

"Njinga iyi ndi ya ndani?"

"Yanga, bwana," anatero Fatsani.

"Nanga wakhalapoyu ndani?"

"Katundu, bwana."

"Katundu amene akulankhula?"

"Wa masiku ano, bwana," a Nagama anathandizira ali pa beseni lawo.

A Vomerani sanaseke. Anatsatira ulusi uja ndi chala kuchokera pa dzanja la Tinyade mpaka kukhutu la Sigele, n'kulengeza kuti mphatso za mfumu zanyozedwa. Asilikali anatsitsa Tinyade n'kumukhazika pa thumba la makala. Njinga, makina ndi kachipangizo zinatengedwa ngati umboni, mlandu Lachisanu ku Mwambokaye. Sigele atachotsedwa kachipangizoko anayang'ana nkhuku zija, milomo yawo ikutseguka chabe. A Nachisale anatula dengu, anamasula chitenje, n'kunjuta.

Lachisanu mwezi unali utatsala ndi masiku atatu. A Nachisale anayenda maola awiri mwana ali kumsana, akupuma pansi pa mtengo uliwonse. Msika wonse unatseka n'kuwatsatira, ena chifukwa cha chisoni, ena chifukwa milandu ya ku Mwambokaye inali yokoma kuposa zisudzo.

A Likongwe ndiwo anayamba kulankhula, chipewa chawo chili m'manja. "Mfumu yathu, ana awa sanasinthanitse kanthu. Kungoti aliyense analandira chinthu chimene mnzake ndiye amachisowa."

"Akuti mphatso zinali zokongola," anakuwa a Vomerani. Mfumu inamwetulira.

Koma bwalo la Mwambokaye linali ndi mwambo wina umene a Vomerani anauiwala m'changu chawo. Mfumu inkayenera kuyesa yokha umboni uliwonse isanagamule. Pa mlandu wa mowa inkalawa, pa mlandu wa mbuzi inkadya, ndipo milandu ya mbuzi inkachuluka. Choncho Mfumu Salakwa inatsika, inakhala pa njinga ija, asilikali n'kuizungulitsa bwalo kawiri, ndipo inaikonda. Inagogoda makina olembera, belu lake n'kulira, ndipo inawakondanso. Kenako inatola kachipangizo kaja n'kumakatembenuza.

A Vomerani anatambasula dzanja kuti akalande, koma a Likongwe anali kale pafupi. Anagwada, anakaika m'khutu lachifumu, n'kukayatsa.

Mfumu inatchera khutu. Inamva mbalame. Inamva mpando wake ukulira, chinthu chimene sinkachidziwa. Inamva m'mimba mwa a Vomerani mukubangula. Kenako kuchokera kumbuyo kwa khamu, momveka bwino ngati wolankhulayo ali pamiyendo pake, inamva mawu a mayi.

"Ndevu mpaka pachifuwa, koma osadziwa kuti wosaona safuna njinga."

"A Nagama, tsitsani mawu," anatero wina.

"Aaa, musiyeni, samva ameneyo."

A Vomerani, mwa chizolowezi cha zaka khumi, anawerama n'kukuwa ndi mphamvu zawo zonse m'khutu lomwelo, "Akuti mukhale ndi moyo wautali!"

Mfumu inadumpha mpaka nthenga imodzi ya chipewa inathothoka. Itakhazikika, inayang'ana nduna yake kwa nthawi yaitali.

"Vomerani, sunthira uko. Ndamva ndekha. Akuti ndevu."

Bwalo lonse linazizira. A Nagama anayamba kufufuza chinthu m'beseni lawo mwachidwi chachikulu. Mfumu inayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa mayi woyembekezera amene anakhala pamphasa, thukuta lili kamukamu, ndi mwana wamkulu ali pambali pake.

"Mwana iwe, ndiwe katundu uja?"

"Ndine, mfumu."

"Ukufuna chiyani? Lankhula pang'onopang'ono, sindinazolowere."

"Ndikufuna kupita ku sukulu," anatero Tinyade. "Makutu anga ndi abwino. Miyendo ndi imene siyenda. Amayi akhala akundibereka zaka zonsezi, koma kuyambira Lolemba sangathenso, mukuwaona nokha. Lolemba lomwelo tili ndi mayeso a masamu."

Palibe anamasulira. Mawuwo anayenda okha mtunda wonse kuchokera pamphasa mpaka pa mpando wachifumu, ndipo anafika onse. Mfumu inachita manyazi, ndipo popeza inali isanachitepo manyazi chikhalire pampando, inaganiza kuti ndi malungo.

Khonsolo inaunjikana pakona kuti inong'onezane, itaiwala kuti mfumu ikumva zonse. Vuto linali lalikulu. Ana sanalakwe, chifukwa palibe anasinthanitsa kanthu. Nduna sinalakwe, chifukwa inasankhidwa ndi mfumu. Mfumu sinalakwe, chifukwa dzina lake linali m'malamulo. Komabe cholakwika chinalipo, chili pamphasa, aliyense akuchiona.

Mfumu inaimirira, inavula chipewa, n'kuchiyang'ana mwaukali.

"Ife tinakhulupirira chipewa ichi," inatero. "Tinachisenza pamutu pathu zaka makumi awiri. Lero chapatsa mwana wosaona njinga. Wolakwa ndi ameneyu."

Asilikali awiri anachigwira chipewacho, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kupita nacho ku ndende, kumene akuti chidakali mpaka pano podikira apilo. Kenako mfumu inalamula kuti maere achitikenso mu ufumu wonse, pakuti kugawa popanda maere n'kukondera. Koma ulendo uno agwiritse ntchito chipewa chokhulupirika, ndipo pofuna kupewa chisokonezo, mwana aliyense azitola m'chipewa mmene muli kapepala kamodzi kokha.

"Monga mmene timachitira posankha mfumu," inafotokoza.

Anthu anaomba m'manja ndi mtima wonse, chifukwa njira imeneyi ankaidziwa bwino. Chipewa chokhulupirika chinapezeka kuti ndi cha a Likongwe, ndipo timapepala ankaikamo ndi iwo omwe. Tinyade anapisa dzanja, anavundula kwa nthawi yaitali monga mwa mwambo, anatola, n'kuwerenga mokweza kuti, "Njinga." Amayi a pa msika analulutira.

"Koma mwana uyu ndi wamwayi," anatero a Nagama. "Mwa mapepala onsewo."

Fatsani naye mwayi unamugwera, anatola makina olembera n'kuwakumbatira ngati mwana wa mbuzi. Sigele anatola kachipangizo. Mfumu inakachotsa m'khutu mwake mofulumira n'kukapereka yokha, ndipo nkhope yake inamasuka ngati munthu amene wavula nsapato yothina.

"Tikuitanitsireni kanu, mfumu?" anakuwa a Vomerani, atabwerera kale pamalo awo.

"Ayi. Zimene ndamva lero zindikwanira mpaka chaka chamawa." Kenako inawonjeza, "Koma anthu aja ankandithokoza chifukwa cha mtsinje, upite ukaone ngati ali ndi mlatho."

Masukulu ena anadikira miyezi itatu kuti maere awo achitike, chifukwa panafunika nyimbo yatsopano yotamanda chipewa chatsopano. Koma ana a ku Tinaiwalika anapita ndi zawo tsiku lomwelo, pakuti ku bwalo kunalibe malo osungira umboni.

Lolemba m'mawa a Nachisale anadzuka, anasambitsa mwana, anaunjika tomato m'dengu. Kenako, maganizo ali kwina, anatenga chitenje chija n'kunjuta pakhonde, msana atalozetsa kumphasa, monga ankachitira tsiku lililonse. Anadikira. Palibe anakwera.

Atatembenuka, pamphasa panalibe munthu. Tinyade anali kale pa njira, manja ali pa mateyala, akupalasa yekha. Fatsani anagwira chogwirira cha kumbuyo ndi dzanja limodzi, osati kukankha koma kuti chimutsogolere, makina ake ali m'chikwama kumsana. Sigele anali patsogolo, wopanda ulusi, akuthamangitsa nkhuku kuti azimve.

A Nachisale anaimirira pang'onopang'ono. Zaka zisanu ndi zinayi anali akumumva mwana ameneyu kumsana, mpweya wake pakhosi, masamu ake m'khutu, koma anali asanamuonepo akuchoka. Mtima unawawawa ndi kukoma nthawi imodzi, ndipo sanadziwe choti achite nazo.

"Tinyade, tandidikira."

"Mutipeza, amayi," mwanayo anayankha osacheuka. "Tichedwa mayeso."

Anaima pomwepo mpaka njinga inakhota pa mtengo wa mango. Kenako anakung'untha chitenje chija, anachipinda bwinobwino, n'kukachiika m'sutikesi mmene munali timalaya ta wobwerayo.